Mbale ya Khirisimasi M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

 Mwezi wa Disembala wafika, sukulu zatsekera, ndipo ambiri amene amagwira ntchito m'matauni ayamba kale kumanga katundu kuti akaone makolo kumudzi. Nkhani ya lero ikukhudza chinthu chimene banja lililonse limachiganizira m'masiku ano, ndicho chakudya cha pa chikondwerero. Makamaka ikunena za malo ang'onoang'ono odyera a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, amene amaphika zakudya zolimidwa ndi manyowa, zosathira feteleza wa m'sitolo ndiponso zosapopera mankhwala, ndi zimene munthu wopita kukadya kumeneko ayenera kuyembekeza kupeza m'mbale mwake.

Kuyambira kale Khirisimasi ya m'dziko muno imadziwika ndi mpunga wa nkhuku, tiyi wamkaka ndi buledi m'mawa, ndi botolo la chakumwa chotsekemera madzulo. Mwana amene wadya nsima ya nkhwani pa tsikuli amayenda chozolika pakati pa anzake ngati kuti kwawo kwagwa tsoka. Koma zinthu zayamba kutembenuka. Mabanja ena amene apezako kangachepe amakonda kuti pa tsiku limodzi la tchuthi amayi apumuleko ku utsi wa kukhitchini, onse apite kukadya kumalo odyera. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ena mwa iwo, makamaka ochokera ku Lilongwe, amakwera mapiri kufunafuna nkhwani yomwe ija imene ana ankachita nayo manyazi. Chakudya chotere adachipatsa dzina lachilendo lakuti oganiki, ndipo amalolera kulipira ndalama zambiri kuti achipeze.

Dzinali ndi latsopano koma ulimi wake ndi wakale. Tanthauzo lake n'lakuti nthaka imadyetsedwa manyowa, tizilombo timathamangitsidwa ndi zomera kapena ndi manja, ndipo ziweto zimayenda momasuka n'kumadya zimene zidazolowera. Ku maiko a azungu anthu adayamba kuukumbukira ulimiwu ataona kuti minda ikuguga. Mngelezi wina, Sir Albert Howard, adagwira ntchito ya zaulimi ku India, nayang'anitsitsa m'mene alimi akumeneko ankasamalira nthaka, ndipo m'chaka cha 1940 adatulutsa buku lofotokoza kufunika kwa kompositi. M'chaka cha 1972 alimi otere a m'maiko osiyanasiyana adakumana ku France nayambitsa bungwe la IFOAM. Komatu agogo a ku Chakhaza, kwa Msakambewa, kwa Kasakula ndi kwa Nthondo sadadikire buku kapena bungwe. Ankadzala nyemba ndi maungu pakati pa chimanga, ankatuta ndowe za m'khola kupita nazo kudimba, ndipo ankasunga nyemba m'phulusa kuti anankafumbwe asaziwononge.

Maboma awiriwa ndi oyenera ulimi wa ndiwo. Nthaka yake ndi yokwera, mphepo yake ndi yozizirira, ndipo m'zigwa mwake muli madambo amene sauma msanga. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti ku Dowa kuli anthu oposa 770,000 ndipo ku Ntchisi oposa 310,000, ndipo ambiri mwa iwo amadalira khasu. Woyenda pa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima amaona yekha pa msika wa Chezi, pafupi ndi Mvera, m'mene ndiwo ndi zipatso za m'mapiriwa zimaunjikidwira m'mbali mwa msewu.

Malo amene adatchuka kwambiri pa kadyedwe kotere ndi nyumba ya alendo ya Ntchisi Forest Lodge, imene ili m'mphepete mwa nkhalango ya phiri la Ntchisi. Nkhalangoyi ndi ya mitengo italiitali yosayoyola masamba, ndipo mbiri imati makolo ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800. Nyumbayo idamangidwa m'chaka cha 1914, ndipo akuluakulu a boma la atsamunda ankapumulirako pothawa kutentha kwa kunyanja. Pa zaka zapitazi yadziwika ndi kudyetsa alendo ndiwo zochokera m'dimba la pomwepo ndi kwa alimi oyandikana nayo. Si aliyense amene thumba lake lingamufikitse kumeneko, koma mchitidwe wake ndi womwewo umene umapezeka m'timalo tina topanda dzina lotchuka pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi pa boma la Dowa, pamene mayi ali ndi mabenchi awiri, tebulo limodzi, mafuwa atatu kuseri, ndi dimba lake kudambo.

Tsono kodi m'mbale ya malo otere mumakhala chiyani m'mwezi uno? Yankho limachokera kumunda, pakuti wophika mokhulupirika amaphika chimene nyengo yapereka. Mvula yoyamba ikangogwa, bonongwe, luni ndi chisoso zimamera zokha m'mizere ndi pa zitsotso za makola akale. Nkhwani zanthete zimayamba kuthyoledwa, khwanya ndi chitambe zimatsatira, ndipo denje ndi chewe zimapereka therere. Ndiwo zimenezi zikatenderedwa ndi nsinjiro za mtedza wa m'chikuti sizifuna mafuta a m'botolo. M'nkhalango za mitengo ya tsamba ndi mombo mumatuluka bowa, ndelema ndi unzake, ndipo pa chulu pamamera utale ndi kuuluka ngumbi. Nsima imakhala ya mgaiwa kapena ya ufa woyera wa chimanga chamakolo. Wofuna mpunga amapeza wochokera kumunsi, ku Nkhotakota kapena ku Salima. Chakumwa ndi thobwa wa chimera cha mawere, ndipo chotsukira m'kamwa ndi mango, nthochi, kapena masuku otsiriza a chaka. Pamene dimba lidalimidwa nthawi yabwino, mondokwa wootcha amabwera poyamba mlendo akudikira nsima.

Pali zina zimene mlendo sadzazipeza zambiri, ndipo asakhumudwe nazo. Choyamba ndi tomato. Nyengo ya dzinja ndiyo imene tomato amavutika kwambiri, chifukwa chinyontho chimabweretsa chiwawu chimene chimawaula masamba ndi kuoletsa zipatso m'masiku owerengeka. Kuwonjezera apo, cha m'ma 2016 m'dziko muno mudalowa kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kamaboola masamba ndi zipatso zomwe. N'chifukwa chake alimi ambiri a tomato wa dzinja amapopera mankhwala pafupipafupi. Kabichi, repu ndi mpiru nazonso zimakondedwa ndi mbozi ndi nsabwe. Choncho mbale ya Disembala imene yafiira ndi tomato wamkuluwamkulu wopanda banga, pambali pake pali kabichi wopanda kabowo ngakhale kamodzi, koma mwini wake akulumbira kuti sadapopere kanthu, iyenera kumupatsa mlendo maganizo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba loboola pang'ono limasonyeza kuti mbozi idadyako.

Mankhwala opopera pa okha si mlandu, pakuti apulumutsa mbewu zambiri. Vuto limabwera pa kagwiritsidwe kake. Botolo lililonse lovomerezeka limalembedwa masiku amene mlimi ayenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lothyola. Koma pa nyengo ya chikondwerero mitengo imakwera ndipo ogula amachuluka, motero mlimi wina amapopera lero n'kuthyola mawa kuti asaphonye msika. Wina amagula mankhwala othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, osadziwa mphamvu yake kapena muyeso wake. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala otere la chaka cha 2000, ndiponso bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira zimenezi, koma bungwe silingaime pa dimba lililonse. Wodya ndiye amalandira zotsalazo m'thupi mwake, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu.

Mlimi wosapopera mankhwala a m'sitolo sangokhala manja lende. Amasinja masamba a ombwe, umene ena amautcha mthuthu, n'kuwaviika m'madzi usiku wonse, m'mawa n'kuwaza madziwo pa ndiwo. Ena amachita chimodzimodzi ndi masamba a nimu, a deliya kapena tsabola. Amadzala anyezi pakati pa masamba ena, amasinthasintha mbewu pa bedi, ndipo m'mawa uliwonse amayendera dimba n'kumatola mbozi ndi zala. Ntchito imeneyi ndi yowawa msana. Ndiponso ombwe ndi chomera champhamvu, chomwe chija ena ankaphera nsomba, kotero kuti ndiwo zowazidwa madzi ake ziyenera kutsukidwa bwino lomwe.

Chachiwiri chimene mlendo ayenera kuchidziwa ndi cha nkhuku. Nkhuku yoyera ya m'khola lotsekera imakula m'masabata asanu ndi limodzi okha, pamene yachikuda, imene imapalasa yokha pabwalo, imatenga pafupifupi theka la chaka. Ndiponso miyezi yotentha isanagwe mvula ndiyo imene chitopa chimasesa makola m'midzi, motero pofika Khirisimasi nkhuku zachikuda zimakhala zachepa ndipo mtengo wake wakwera. Mlimi wanzeru amapereka katemera wodontheza m'diso, ndipo katemera ameneyu saletsedwa ngakhale pa ulimi wa oganiki. Nyama ya nkhuku yachikuda ndi yolimba, imafuna moto wofatsa ndi nthawi yaitali. Banja limene likufuna kukaidya lichite bwino kutumiza uthenga tsiku limodzi lisanapite, ndipo likafika lisachite phuma. Malo aang'ono alibe mafuriji odzaza ndi nyama yophikaphika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa pakubwera funso lalikulu: mlendo angadziwe bwanji kuti zimene akumuuza ndi zoona? Ku maiko ena chakudya chotere chimakhala ndi chidindo. Oyendera minda amabwera chaka ndi chaka, ndipo munda umene udathiridwapo mankhwala umadikira zaka ziwiri kapena zitatu usanavomerezedwe. Maiko a kum'mawa kwa Africa, monga Kenya, Tanzania ndi Uganda, adagwirizana za muyeso wawo m'chaka cha 2007, ndipo chizindikiro chawo chimatchedwa Kilimohai. Koma kuyendera kotere kumafuna ndalama zimene mayi wa mabenchi awiri pa Malomo sangazikwanitse. Chidindo chake iye ndi dimba lake ndi mbiri yake pamudzi. N'chifukwa chake mlendo asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Afunse mwaulemu kuti, "Kodi mayi, ndiwozi zachokera kuti? Walima ndani? Kodi dimba lake lili patali?" Wophika woona amakondwa ndi mafunso otere. Amatchula mudzi, amaloza dambo, mwinanso amatuma mwana kuti aperekeze alendo akaone mulu wa manyowa. Amanenanso poyera zimene wagula kumsika, monga mchere, mafuta, mpunga kapena tomato amene sakudziwa kalimidwe kake. Amene amati zonse za m'nyumba mwake ndi oganiki, kuyambira shuga mpaka chakumwa cha m'botolo, ameneyo akugulitsa dzina chabe.

Pali chinanso chimene sichiyenera kuiwalika, ndicho ukhondo. Chakudya chosapopera chingathe kudwalitsa munthu ngati chaphikidwa mwauve. Ndowe zaziwisi zimanyamula tizilombo ta matenda a m'mimba, choncho manyowa ayenera kupsa kaye asanathiridwe pa ndiwo. Nyengo ya mvula ndiyonso nyengo ya kolera, ndipo dziko lino silidaiwale mliri wa m'zaka za 2022 ndi 2023 umene udapha anthu oposa 1,700. Mlendo ayang'ane ngati pali madzi osamba m'manja othira kuchokera m'jagi kapena pa mpopi, osati beseni limodzi losambamo anthu onse. Aone ngati pali sopo, ngati chimbudzi chili chovundikira, ndiponso ngati chakudya chabwera chotentha. Za bowa nazo zimafuna kusamala, chifukwa chaka ndi chaka kumamveka za mabanja amene adwala kapena kumwalira atadya bowa wolakwika. Bowa wodyedwa ndi amene wazulidwa ndi munthu wa m'deralo womudziwa bwino. Alendo amene apita kukayenda m'nkhalango asazule okha.

Nthawi yolipira ikafika, ena amadandaula kuti mbale ya masamba a kutchire ikudula ngati ya nyama. Kudandaulako kumachepa munthu akadziwa ntchito imene yalowamo. Manyowa sagulidwa m'thumba tsiku limodzi. Mlimi amayamba atangokolola, kusonkhanitsa mapesi, udzu, masangwi a mtedza ndi soya, ndowe ndi phulusa, n'kuziyala m'mizere yosanjikiza, n'kumathirira madzi otunga pamutu. Alangizi amaphunzitsa njira zingapo, monga ya chimato, imene mulu umamatidwa ndi dothi, ndi ya changu, imene mulu umatembenuzidwa pafupipafupi kuti upse msanga. Pamapita miyezi iwiri kapena itatu manyowa asanapse, ndipo akapsa amatutidwa m'madengu kapena pa ngolo. Pa munda wotsetsereka mlimi yemweyo amakweza akalozera n'kudzalapo udzu wa vetiva kuti mvula isakokolole nthaka kupita nayo ku Bua kapena ku Lingadzi. Amasiyanso mitengo ya nsangu m'munda, imene imayoyola masamba m'dzinja, mbewu zikufuna dzuwa, n'kudyetsa nthaka. Ndalama imene mlendo walipira ikulipira thukuta lonseli.

Ndipo ndalamayo imafika pa nthawi yake. Disembala ndi mwezi wa nyimbo ndi zovala zatsopano m'tauni, koma kumudzi ndi chiyambi cha miyezi ya njala. Nkhokwe zatsika, ndalama za fodya ndi soya zidatha kale, ndipo Januwale akubwera ndi fizi ya sukulu. Feteleza naye wakhala akuthawa m'manja mwa mlimi wamng'ono. M'chaka cha 2020 thumba la makilogalamu 50 la feteleza wotsika mtengo wa boma linkagulidwa K4,495, koma pofika 2022 lidafika pa K15,000. Kwacha idatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2022 ndiponso mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa feteleza wa m'sitolo udakwera kwambiri. Alimi ambiri a m'mapiriwa adabwerera ku manyowa chifukwa cha kusowa, osati chifukwa cha dzina lokongola. Banja limodzi likadya pa malo aang'ono, ndalama yake imagawika kwa mayi wa nkhwani, kwa bambo wa nkhuku, kwa gogo wa chimera ndi kwa mtsikana wozula bowa, ndipo yonse imagona m'mudzi momwemo.

Pamenepa omvera asamve ngati kuti feteleza atayidwe lero lomwe. Dziko la Sri Lanka lidayesa zimenezo mu Epulo 2021, pamene boma lidaletsa mwadzidzidzi kuitanitsa feteleza, ndipo zokolola za mpunga ndi tiyi zidatsika kwambiri, mpaka chiletsocho chidachotsedwa chaka chomwecho chisanathe. Nthaka yoguga siichira m'nyengo imodzi. Alimi ambiri a chimanga kuno amaphatikiza ziwirizi, monga pa manyowa otchedwa Mbeya, amene ndi ndowe, gaga ndi phulusa zosakaniza ndi feteleza pang'ono. Njira imeneyi ndi yothandiza, ngakhale mbewu yake siyenera kutchedwa oganiki. Koma pa dimba la ndiwo, pomwe malo ndi ochepa ndipo khola lili pafupi, manyowa okha amakwanira, ndipo n'chifukwa chake malo odyera aang'ono angathe kulonjeza ndiwo zosathira feteleza n'kusunga lonjezolo.

Phindu lina la ulendo wotere limagwera ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Achipatala amaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbale ya nsima ya mgaiwa, nkhwani zotendera, nyemba, kachidutswa ka nkhuku ndi bango lakupsa yakwaniritsa magulu onsewo popanda chochokera kunja kwa boma la Ntchisi. Koma mwana sadya chimene adamva kuti ndi chakudya cha amphawi. Akaona bambo ake, atavala jekete la Khirisimasi, akuitanitsa luni patebulo la malo odyera, n'kulipira, n'kuyamika wophika, mwanayo amaphunzira kanthu kamene sukulu singamuphunzitse. Mwana wa pamudzipo nayenso, poona galimoto yachokera ku Lilongwe kudzafuna chisoso cha amayi ake, amasiya kuchiyang'ana chogwetsa nkhope. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Kwa eni malo odyera a m'mapiriwa mawu ndi awa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mbiri imene wanyamula imafika kutali. Anene zoona za chakudya chawo, alembe mitengo poyera kuti mlendo asadabwe pomaliza, ndipo alipire alimi awo tsiku lomwelo m'malo mowauza kuti abwere mawa. Asatsanzire mahotela a m'tauni pofuna kuphika zimene minda yawo siibala. Nyengo ino ndiwo zikachuluka, afutse zina n'kuzisunga m'zikwatu monga ankachitira makolo, kuti mlendo wobwera m'chilimwe adzapeze mfutso.

Kwa mabanja amene akukonzekera ulendo, kumbukirani kuti misewu yafumbi ya m'mapiri imaterera mvula ikagwa, choncho ndi bwino kunyamuka m'mawa ndi kubwerera kusanade. Tengani ana, tenganinso agogo, pakuti iwo ndiwo angatchule dzina la tsamba lililonse la m'mbalemo ndi kunena ngati lapsa bwino. Ndipo amene sangathe kupita kulikonse chaka chino asadzione otsalira, chifukwa bonongwe wa kuseri kwa khola lawo ndi yemweyo amene ena akumukwerera mapiri. Mudye bwino Khirisimasi, mulowe bwino chaka chatsopano, ndipo mvula igwe yokoma m'minda yanu.